Zoyenera Kuchita Kuti Mwana Asabwerere M'mbuyo Sukulu Zikatsekedwa Chifukwa cha Mliri

Pa 11 Malichi 2020 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti matenda a COVID-19 afika pokhala mliri wokhudza dziko lonse, ndipo pasanathe mwezi umodzi zipata za sukulu zidali zotseka m'maiko ambiri. Bungwe la United Nations loona za maphunziro la UNESCO lidawerengera kuti pofika mwezi wa Epulo chaka chomwecho ophunzira pafupifupi 1.6 biliyoni m'maiko oposa 190 adali pakhomo. Ku Denmark ana a makalasi oyambirira adabwerera kusukulu pa 15 Epulo, patangopita mwezi umodzi, pamene ku Uganda ophunzira ambiri adadikira mpaka pa 10 Januwale 2022, atakhala zaka pafupifupi ziwiri osaona bolodi. Mliri umenewo udachepa mphamvu, koma matenda ofalikira msanga sadathe, ndipo mu Januwale 2024 dziko la Zambia lidachedwetsa kutsegulira sukulu chifukwa cha kolera. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kudziwiratu zochita, pakuti mlungu uliwonse umene umapita akuluakulu akadali kusinkhasinkha umakhala utatayika kwa mwana.

Sukulu zitatsekedwa mu 2020, ambiri adakhulupirira kuti yankho lagona pa makompyuta ndi intaneti. Zimene zidaoneka pambuyo pake zidatsutsa chikhulupiriro chimenechi pawiri. Mu Ogasiti 2020 bungwe la UNICEF lidanena kuti ana osachepera 463 miliyoni, amene ndi pafupifupi mwana mmodzi mwa ana atatu alionse a sukulu, sankafikiridwa ndi maphunziro a patali a mtundu uliwonse. Komanso ngakhale kumene zipangizo zidalipo, kuphunzira sikudayende monga momwe anthu ankayembekezera. Ku Netherlands, kumene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti ndipo sukulu zidatsekedwa kwa milungu isanu ndi itatu yokha panthawi yoyamba, ofufuza a ku yunivesite ya Oxford adapeza kuti ana a pulayimale adaphunzira zochepa kwambiri m'milungu imeneyo, ndipo ana a makolo osapita patali ndi sukulu ndi amene adatsalira koposa. Chimene mwana amasowa sukulu ikatsekedwa ndi munthu wamkulu womufunsa funso, kumvetsera yankho lake ndi kumukonza pamene walakwitsa. Malangizo onse otsatirawa akuchokera pa mfundo imeneyi.

Yambani ndi kudziwa pamene mwana wafika

Musanatsegule buku la kalasi yake, patulani theka la ola kuti muone zimene mwanayo amatha kuchita payekha. Ntchito imeneyi ambiri amaidumpha chifukwa amaganiza kuti mwana wa kalasi yachinayi amadziwa zonse za kalasi yachitatu, koma nthawi zambiri sizikhala choncho, ndipo mwana wopatsidwa ntchito yomuposa amangokopera kapena kuthawa. Bungwe la Pratham la ku India lidakonza njira yosavuta yoyesera zimenezi, imene lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, ndipo kholo lililonse lodziwa kuwerenga lingathe kuitsanzira. Lembani papepala limodzi malembo angapo, mawu asanu afupiafupi, ziganizo zinayi zosavuta ndi kankhani kamodzi ka mizere isanu ndi itatu kapena khumi. Yambani ndi ziganizo. Ngati mwana waziwerenga bwinobwino, mupatseni kankhaniko kenako mumufunse mafunso awiri okhudza zimene wawerenga. Ngati zamuvuta, tsikani ku mawu, ndipo ngati mawu nawo amukanika, tsikani ku malembo. Pamene wayamba kudodoma ndi pamene maphunziro ake a pakhomo ayenera kuyambira, kaya ali kalasi yanji.

Muyang'anitsitseni pamene akuwerenga. Mwana amene chala chake chikuyenda pansi pa mawu, milomo ikugwedera pamene akulumikiza maphatikizo, ali panjira yabwino ngakhale akuchedwa. Amene akunena chiganizo chonse mwamsanga maso ali pachithunzi kapena pankhope panu, ndiye kuti adangoloweza, ndipo mukaloza liwu limodzi pakati pa mzere n'kumufunsa kuti ndi liwu lanji, mudzaona kuti akuyambiranso kuchiyambi kwa chiganizo kuti alipeze.

Masamu amayesedwa mofanana: kuzindikira manambala, kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. Yankho lolakwika limaphunzitsa zambiri kuposa lolondola, choncho musafulumire kulifufuta. Mwana akapatsidwa 42 kuchotsapo 17 n'kulemba 35, sikuti wangolota. Wachotsa 2 mu 7 n'kupeza 5, kenako wachotsa 1 mu 4 n'kupeza 3, chifukwa sadamvetse kuti 2 ikachepa amayenera kubwereka khumi ku 4. Kumudzudzula kapena kumupatsa masamu ena makumi awiri a mtundu womwewo sikungathandize. Mumangireni timitengo m'mitolo ya khumikhumi, mumuikire mitolo inayi ndi timitengo tiwiri, ndipo mumuuze achotsepo 17. Akaona yekha kuti ayenera kumasula mtolo umodzi kuti apeze 7 yochotsa, amakhala wamvetsa chimene kubwereka kumatanthauza, ndipo yankho la 25 amalipeza m'manja mwake.

Nthawi yochepa tsiku ndi tsiku

Nyumba si sukulu, ndipo kuyesa kusunga mwana pampando kuyambira m'mawa mpaka masana kumangobweretsa mikangano. Sankhani nthawi imodzi yokhazikika, makamaka m'mawa mutu usanatope, ndi malo amodzi owala bwino amene kope ndi pensulo zizikhalapo nthawi zonse. Kwa mwana wa makalasi oyambirira, mphindi makumi awiri za kuwerenga ndi zina makumi awiri za masamu, zolekanitsidwa ndi kupuma, n'zokwanira malinga ngati zikuchitika masiku onse a mlungu. Wa makalasi apamwamba angathe kufika maola awiri kapena atatu ogawidwa m'zigawo. Luso la kuwerenga mwa mwana amene wangoliphunzira kumene lili ngati moto wa nkhuni, umene umazilala ukapanda kusonkhezeredwa, ndipo n'chifukwa chake mphindi zochepa tsiku lililonse zimaposa maola anayi Loweruka lokha.

Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala gawo lalikulu la zimene waphunzira m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo kuti kubwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. Pochita, izi zikutanthauza kuti phunziro lililonse liyambe ndi mafunso awiri kapena atatu a dzulo ndi limodzi la mlungu watha. Mwanayo ayankhe buku lili lotseka. Kuwerenga tsamba lomwelo kangapo kumamupatsa munthu chikhulupiriro chakuti wadziwa, pamene kuyesa kukumbukira popanda kuona ndi kumene kumakhazikitsa zinthu m'mutu ndiponso kuonetsa poyera pamene pali mpata.

Pa maphunziro onse a m'silabasi, kwa ana aang'ono tsogozani kuwerenga, kulemba ndi masamu, chifukwa maphunziro ena onse amadalira zitatuzi, ndipo mwana wodziwa kuwerenga bwino angathe kupezanso za sayansi kapena mbiri yakale zimene zidamudutsa.

Wailesi, foni ndi intaneti

Kuphunzitsa pa wailesi nthawi ya mliri sikudayambe lero. Mu 1937 matenda a poliyo atabuka mumzinda wa Chicago ku America, sukulu zidachedwa kutsegulidwa ndipo ana oposa 300,000 adaphunzira kudzera pa wailesi. Phunziro lililonse linkatenga mphindi khumi ndi zisanu, nyuzipepala zinkasindikiza ndandanda ya maphunziro a tsikulo, ndipo kudali aphunzitsi oyankha mafoni a makolo amene ankafuna thandizo. Dziko la Sierra Leone lidachitanso chimodzimodzi pamene Ebola idatseketsa sukulu kuchokera mu 2014 mpaka mu Epulo 2015. Ubwino wa wailesi ndi wakuti imafika kutali kumene kulibe magetsi, koma kufooka kwake n'kwakuti siimva yankho la mwana ndipo siidikira amene watsalira. Choncho dziwiranitu nthawi ya pulogalamu ya kalasi yake, kope likhale lotsegula isanayambe, ndipo mphunzitsi wa pa wailesiyo akafunsa funso, mwana ayankhe mokweza mawu monga momwe akadachitira m'kalasi. Pulogalamu ikatha, mufunseni akufotokozereni m'mawu akeake chinthu chimodzi chimene waphunzira ndi chimodzi chimene sadamve. Malangizo omwewa akugwiranso ntchito pa wailesi yakanema, imene mwana angathe kuiyang'ana ola lathunthu maganizo ali kwina.

Mwa njira zonse zimene zidayesedwa mu 2020, imene ndikuiona yoyenera kutsanzira kwambiri ndi ya foni wamba. Ku Botswana, bungwe la Young 1ove pamodzi ndi ofufuza anzake lidayesa njira ziwiri pa mabanja pafupifupi 4,500. Mabanja ena ankalandira uthenga wa pa foni wokhala ndi masamu ochepa mlungu uliwonse, pamene ena ankalandira uthenga womwewo komanso kuimbiridwa foni kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti mlangizi ayende ndi mwanayo m'masamuwo. Uthenga wokha sudasinthe zambiri, koma ana amene ankaimbiridwanso foni adapita patsogolo moonekeratu. Kusiyana kwake kudali mawu a munthu amene ankamva pamene mwana wakodwa.

Mphunzitsi amene akufuna kutsatira njirayi asonkhanitse manambala a foni a makolo sukulu zisanatsekedwe, makamaka kumayambiriro a chaka, ndipo alembenso nambala ya mnansi kwa banja limene lilibe foni. Atumize masamu atatu kapena anayi, kapena kandime kowerenga, tsiku limodzi asanaimbe. Poimba ayambe ndi kholo mwaulemu, monga kunena kuti, "Muli bwanji mayi? Ndine mphunzitsi wa mwana wanu. Ndimapempha kuti muike foniyi pa sipika, mukhale naye pafupi kuti nanunso muzimva zimene tikuphunzira." Kenako afunse mwanayo kuti afotokoze momwe wapezera yankho, osati yankho lokha, akonze cholakwika chimodzi, ndipo asiye ntchito ya mlungu wotsatira yogwirizana ndi pamene mwanayo wafika. Kukhalapo kwa kholo kumateteza mwana ndi mphunzitsi yemwe, komanso kumaphunzitsa khololo momwe lingafunsire mafunso masiku amene mphunzitsi saimba.

Kumene kuli mafoni a intaneti, WhatsApp imathandiza kwambiri ikagwiritsidwa ntchito mosamala. Mphunzitsi atumize chithunzi chimodzi chooneka bwino ndi uthenga wa mawu wosapitirira mphindi zitatu, m'malo mwa makanema aatali amene amatha bandulo ya kholo tsiku limodzi, ndipo akumbukire kuti foniyo nthawi zambiri imapita kuntchito ndi mwini wake n'kubwera madzulo, kotero ntchito ipatsidwe tsiku lathunthu kapena awiri. Mwana ajambule kope lake n'kutumiza kwa mphunzitsi payekha, osati pagulu pamene aliyense angakopere kapena kuseka. Ntchito yotumizidwa iyenera kuchongedwa ndi kubwezedwa ndi ndemanga, chifukwa mwana akaona kawiri kuti palibe woiyang'ana amasiya kulemba. Sukulu zimene zimaphunzitsa pa Zoom, Google Classroom kapena Microsoft Teams zifupikitse maphunziro, mphunzitsi aziitana ophunzira ndi maina awo pafupipafupi, ndipo phunziro lijambulidwe kuti amene netiweki idawavuta adzalione nthawi ina. Koma pepala lisanyozedwe. Mapepala a ntchito ya milungu iwiri, amene kholo limakatenga kusukulu ndi kubweza akale potsatira malamulo a zaumoyo, amafika kwa ana amene njira zina zonsezi zimawaphonya.

Kholo limene silidapite patali ndi sukulu

Makolo ambiri amadziona ngati alibe chothandiza chifukwa iwo eni sadziwa kuwerenga kapena adaiwala masamu, ndipo maganizo amenewa amandimvetsa chisoni chifukwa si oona. Kholo lotere lingathe kusunga nthawi ya phunziro, kuchotsera mwana ntchito za pakhomo pa nthawiyo, kuona ngati tsamba la lero lalembedwa, ndi kumuuza kuti, "Mwanangu, tandiwerengera nkhaniyi mokweza, kenako undiuze zimene zachitikamo." Munthu safunika kudziwa malembo kuti azindikire ngati nkhani ikumveka kapena ayi. Kufotokozera ana nthano n'kuwafunsa chifukwa chimene munthu wa m'nthanoyo adachitira zimene adachita kumakulitsa mawu ndi kuganiza, zimene ndi maziko a kumvetsa zowerenga. Mkulu wake wa mwanayo amene ali kusekondale angathenso kuphunzitsa mng'ono wake theka la ola, ndipo naye amapindula pobwereza, bola ntchitoyo isamudyere nthawi yake yonse yowerenga.

Ophunzira a kusekondale ndi a kukoleji, makamaka oyembekezera mayeso, asadikire kumva tsiku la mayeso kuti ayambe kukonzeka, pakuti nthawi ya mliri masiku amenewa amasinthasintha. Agawe silabasi m'mitu, alembe mayeso akale atatchera wotchi ndipo mabuku ali otseka, kenako adzichonge okha mosadzikondera n'kubwerera ku mitu imene yawavuta. Kukhala ndi mnzawo mmodzi wofunsana naye mafunso pa foni pa tsiku lodziwika kumathandiza kuti asagwe ulesi. Maphunziro ofuna zipangizo za mulabotale kapena ntchito zamanja sangaphunziridwe mokwanira pakhomo, ndipo ndi bwino kulemba mndandanda wa zimene zatsalira kuti zidzayambidwe sukulu ikatsegulidwa.

Zimene zimachotsa mwana pasukulu

Choopsa chachikulu pa kutsekedwa kwa sukulu ndi chakuti ana ena sabwereranso. Banja likataya ntchito kapena wopeza ndalama, mnyamata amatumizidwa kukagwira ganyu ndipo mtsikana amasenzetsedwa ntchito zonse za pakhomo ndi kudwazika matenda, kapenanso kukwatiwitsidwa. Ku Sierra Leone, nthawi ya Ebola atsikana ambiri adatenga mimba, ndipo sukulu zitatsegulidwa mu 2015 boma lidaletsa oyembekezera kulowa m'kalasi, lamulo limene lidachotsedwa mu Malichi 2020 khoti la bungwe la maiko a kumadzulo kwa Africa la ECOWAS litagamula mu Disembala 2019 kuti ndi la tsankho. Zaka zisanu zimenezo zidatsekera atsikana ambiri mwayi umene sudabwerenso. Pakhomo, ntchito zigawidwe mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana, nthawi yowerenga ya mtsikana ilemekezedwe monga ya mlongo wake, ndipo mwana aliyense azimva kawirikawiri kuchokera kwa makolo ake kuti adzabwerera kusukulu.

Pakhalenso chifundo pa mwana amene waferedwa kapena amene akuopa kuti makolo ake adwala. Mwana wotere angathe kuiwala zimene ankadziwa, kukwiya msanga kapena kukhala phee. Mufotokozereni za matendawo moona mtima m'mawu amene angamve, mumulole afunse, ndipo tsiku limene mtima wake uli wolemera, chepetsani phunziro koma musalichotse, chifukwa dongosolo lodziwika la tsiku limakhazika mtima pansi. Ana olumala, monga osamva amene wailesi siingawathandize kapena osaona amene pepala wamba silingawafikire, amafunika kuti mphunzitsi akambirane ndi makolo awo paokha za njira yowayenera.

Sukulu zikatsegulidwa

Chiyeso chimene chimagwera aphunzitsi ndi akuluakulu a maphunziro ndi kuthamanga ndi silabasi kuti alipire miyezi yotayika. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse pamodzi ndi mabungwe anzake idayerekeza mu 2022 kuti m'maiko osauka ndi opeza pang'ono, ana a zaka khumi osatha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta adakwera kuchoka pa 57 kufika pa 70 mwa ana 100 alionse. Kalasi yotere ikaphunzitsidwa mothamanga, ochepa akutsogolo ndi amene amatsatira, ndipo otsalawo amangokhala m'kalasi mwa dzina. Mlungu woyamba ugwiritsidwe ntchito poyesa mwana aliyense ndi pepala lija la malembo, mawu, ziganizo ndi nkhani. Kenako kwa ola limodzi tsiku lililonse ana agawidwe m'magulu molingana ndi pamene afika, osati molingana ndi msinkhu kapena kalasi, ndipo ayesedwenso patapita milungu ingapo kuti amene apita patsogolo asamukire gulu lina. Makolo nawo auze mphunzitsi moona zimene mwana adachita ndi zimene sadachite pakhomo, popanda manyazi.

Njira zodzitetezera zigwirizane ndi momwe matendawo amafalikira. Pa matenda oyenda mumpweya monga COVID-19, mazenera ndi zitseko zikhale zotsegula, ana achepe m'chipinda ngakhale zitatanthauza kuphunzira mosinthana nthawi, ndipo maphunziro ena achitikire panja monga momwe sukulu za ku Denmark zidachitira mu 2020. Pa kolera, chofunika ndi madzi akumwa otetezedwa, zimbudzi zaukhondo ndi kusamba m'manja ndi sopo. Pa Ebola, sukulu zinkayeza kutentha kwa thupi pachipata ndi kupewa kukhudzana. Mwana wodwala akhale pakhomo ndipo atumiziridwe ntchito yake, asaopsezedwe kuti alephera.

Mphunzitsi wamkulu afanizire kaundula wa sukulu isanatsekedwe ndi wa mlungu woyamba wotsegulira, dzina ndi dzina. Mwana aliyense amene sadaoneke afufuzidwe mlungu womwewo, poimbira makolo ake kapena kuwayendera, ndipo chimene chamutsekereza, kaya ndi yunifomu imene yamuchepera, mimba, ganyu kapena manyazi oti anzake amupitirira, chikambidwe ndi makolowo mpaka papezeke tsiku lenileni limene adzalowenso m'kalasi.